Madontho ofiira aja pa mapu: setilaiti imauona bwanji moto ndi utsi wake?

Sabata yatha pa gulu lathu la WhatsApp la anthu akumudzi amene tili kuno ku Joni, achimwene ena aku Cosmo City anaponyapo chithunzi cha mapu a Africa. Kuyambira ku Angola, kudutsa Congo, Zambia, kwathu ku Malawi mpaka ku Mozambique kunali psuu, ngati munthu wakhuthula mbaula yonse pa pepala. Pansi pake analemba kuti "abale imbani kunyumba, dziko lapsa". Mukudziwa mmene mtima umakhalira munthu ukakhala kutali, ana ali kumudzi, kanyumba kamene ukumanga ndi ndalama za maganyu kali komweko, ndiye nkhani ngati imeneyi suimva mwachibwana. Ena anayamba kuimba pompo, ena anati izi ndi zopanga pa kompyuta musatiopseze, amayi ena anatumiza pemphero la mphindi zinayi.

Ineyo ndinaimbira mayi anga ku Dedza. Anayankha ali phee. "Kuno kulibe vuto mwana wanga, kungoti utsi basi, phiri silikuoneka bwino ndipo dzuwa likumalowa lofiira ngati phwetekere."

Nde wonama ndani pamenepa? Palibe. Mapu aja ndi enieni, amachokera ku NASA, bungwe la ku America loona za mlengalenga, ndipo mayi anganso amanena zimene maso awo akuona. Chomwe chikuvuta n'chakuti ambirife sitinauzidwepo kuti dontho lofiira limodzi limaimira chani. Ukalimvetsa dontho limodzilo mantha satha onse ayi, koma amasamuka, amachoka pa malawi a moto n'kupita pa utsi.

Alonda awiri kumwamba

Setilaiti ndi makina amene anaponyedwa kumwamba ndi roketi ndipo amazungulira dziko osagwa chifukwa cha liwiro lake. Ena ndi a TV, aja dishi yanu imaloza, ena ndi aja amauza foni pomwe muli mukasochera ku Sandton. Owonera moto alipo magulu awiri, ndipo amene munagwirapo ya ulonda mumvetsa msanga.

Gulu loyamba ndi mlonda woyendera ndi tochi. Amadutsa pafupi, amaona bwino, koma akadutsa wadutsa, mudzamuonanso patapita maola. Otchuka pa gulu limeneli ndi Terra amene anaponyedwa mu Disembala 1999 ndi Aqua wa mu Meyi 2002, onse a NASA, ndipo onse ananyamula kamera yotchedwa MODIS. Amauluka makilomita pafupifupi 700 pamwamba pathu, titi kuchoka ku Blantyre kukafika ku Mzuzu n'kupitirirako pang'ono, kungoti mtunda wake ndi choimirira. Amayenda kuchoka ku nsonga ya kumpoto ya dziko kupita ya kummwera n'kubwereranso mbali inayo, ulendo umodzi mphindi pafupifupi 99, uku dziko likutembenuka pansi pawo, ndiye ulendo uliwonse amajambula mzere watsopano, chimodzimodzi mmene timatchetchera kapinga ndi mashini pa ganyu, mzere uwu kenako winawo mpaka bwalo lonse kutha. Mzere umodzi wa MODIS ndi makilomita 2,330 mulifupi. Malo amodzi setilaiti iliyonse imadutsapo kawiri pa tsiku, masana kamodzi usiku kamodzi. Terra anamukonza kuti azidutsa cha m'ma 10:30 mmawa, Aqua cha m'ma 1:30 masana. Pano awiriwa akalamba, ntchito yambiri yatengedwa ndi kamera yatsopano yotchedwa VIIRS, imene ili pa masetilaiti atatu, Suomi NPP wa 2011, NOAA-20 wa 2017 ndi NOAA-21 wa 2022.

Gulu lachiwiri ndi mlonda wa pa nsanja. Uyu sasuntha, saphethira, koma ali kutali kwambiri, makilomita pafupifupi 36,000. Kumeneko setilaiti imazungulira pa liwiro lofanana ndi mmene dziko likutembenukira, ndiye kwa ife imaoneka ngati yaima pamodzi, n'chifukwa chake dishi mumangoikhomera kamodzi osaisunthanso. Amene amayang'ana Africa ndi a Meteosat, a bungwe la ku Ulaya la EUMETSAT. Amajambula pa mphindi 15 zilizonse, ndipo watsopano amene anapita mu Disembala 2022 amajambula pa mphindi 10 zilizonse. Moto waung'ono sauona bwino, koma waukulu amautsata kuyambira pomwe wabuka mpaka kuzima.

Sikuona malawi, ikumva kutentha

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mukukumbukira nthawi ya Covid, pa khomo la mall iliyonse pamaima munthu ndi kamfuti kaja kokuloza pa chipumi, osakukhudza koma n'kukuuza kuti thupi lako latentha bwanji? Kamfuti kaja kamawerenga kuwala kwina kumene maso athu saona, kumene chinthu chilichonse chofunda chimatulutsa. Kuwala kumeneku dzina lake ndi infrared. Mukakhala mozungulira mbaula mu Juni n'kumamva kufunda kumaso pomwe msana ukuzizidwa, chikukugundani kumasocho ndi chomwecho.

Kamera za masetilaitizi ndi kamfuti komweko koma kamphamvu zedi. Chinthu chikamatentha kwambiri sikuti chimangotulutsa infrared wambiri basi, mtundu wakenso umasintha, ngati chitsulo pa moto chimene chimayamba chakuda, kenako kufiira, kenako kuyera. Dothi la ku Chikwawa mu Okutobala litha kufika madigiri 50 kapena kuposa, koma malawi a udzu amafika madigiri 600 mpaka 1,000. Pali mtundu wina wa infrared, wapakatikati, umene dothi lotenthalo limangotulutsa pang'ono chabe pomwe moto umawala nawo mowirikiza kambirimbiri. Zili ngati mu msika anthu onse akuyankhula chapansipansi ndiye mmodzi waimba likhweru. Munthuyo ndi mmodzi, koma khutu limamupeza.

Tsono kamera siiona dziko ngati chithunzi chosalala, imaligawa m'timabokosi. Kabokosi kamodzi amakatcha pikiselo, timabwalo tija mumationa mukakuza chithunzi cha pa foni mopitirira muyeso. Kwa MODIS kabokosi kamodzi ndi kilomita imodzi mbali iyi, kilomita imodzi mbali iyo, omwe ndi mahekitala 100, mabwalo a mpira pafupifupi 140. Kwa VIIRS ndi mamita 375 mbali iliyonse, mahekitala 14, mabwalo a mpira ngati 20. Kompyuta imatenga kabokosi kalikonse n'kukafanizira ndi anzake oyandikana nawo, imaonanso kuti si mtambo, si madzi, si dzuwa lonyezimira, ndipo ikaona kuti kameneka kawala mwachilendo imaikapo dontho lofiira pakati pake.

Ndiye dontho lija likunena kuti: penapake mkati mwa kabokosi aka, pa mphindi imene setilaiti imadutsa, panali chinthu chotentha kwambiri. Basi. Silikunena kuti kabokosi konse kapsa. Moto wa mamita 30 mbali iyi ndi 30 mbali iyo MODIS amatha kuupeza, ndipo kunja kukakhala koyera bwino, makamaka usiku, olo wocheperapo. Munthu mmodzi wotentha mapesi m'munda mwake atha kufiiritsa kabokosi ka mahekitala 100.

Nanga bwanji mapu onse psuu?

Chifukwa pa skirini ya foni Africa yense amakwana m'dzanja. Kuti dontho lioneke ndi maso amayenera kulijambula lalikulu, ndipo pa muyeso umenewo kadontho kamodzi kamaphimba malo a makilomita makumi angapo, nthawi zina boma lathunthu. Onjezani kuti mapu ambiri amene amazungulira pa WhatsApp amaphatikiza moto wa maola 24, ena wa sabata yonse, kuchokera ku masetilaiti angapo, moti moto umodzi womwewo utha kuwerengedwa kanayi kapena kasanu. Madontho amasanjikizana mpaka dziko losaonekanso. Mukakuza mapu omwewo ndi zala mudzaona kufiira kuja kukung'ambika, kukhala timadontho tomwazikana, pakati pake midzi, misewu, minda ili bwinobwino.

Koma tisapitirirenso mbali inayo n'kumati palibe kanthu. Moto ulikodi, wambiri. Pa malo onse amene amapsa pa dziko lonse chaka ndi chaka, pafupifupi magawo 70 pa 100 ali mu Africa. Kumpoto kwa Equator kumapsa cha mu Disembala ndi Januwale, kuno kummwera kumayamba cha mu Meyi ndi Juni ku Angola ndi kummwera kwa Congo, n'kumasunthira kummawa, kwathu kumafika pachimake kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba. Mu Ogasiti 2019 dziko lonse likulira za moto wa ku Amazon, anthu atatsegula mapu omwewa anadabwa kuona kuti masiku amenewo ku Angola ndi ku Congo madontho anali ochuluka kuposa ku Brazil. Chisokonezo chimene chinachitika pa gulu lathu chinachitikanso m'manyuzipepala akuluakulu.

Zimene imaphonya, ndi zimene zimaipusitsa

Infrared wapakati uja amaboola utsi bwino ndithu, koma mtambo wokhuthala sauboola. Kukakhala mitambo mapu amaoneka oyera olo pansi pakuyaka. Moto woyenda pansi pa mitengo yowirira umabisikanso. Ndiye pali nkhani ya nthawi, moto wa m'munda woyatsidwa 3 koloko masana n'kuzima 5 koloko, mlonda woyendera uja wadutsa kale, sadzaudziwa.

Mbali inayo, setilaiti siidziwa kuti chotenthacho ndi chani. Chumuni cha fakitale chimene chimayaka gasi usana ndi usiku, ng'anjo zosungunulira zitsulo, phiri lophulika ngati Nyiragongo ku Congo, nthawi zina olo malata ambiri onyezimira dzuwa, zonsezi zitha kutulutsa dontho. Mukaona dontho limene silisuntha mwezi ndi mwezi pa malo a mafakitale, si tchire limenelo.

Ndipo chinthu china chimene chimandipweteka kuchilemba. Masetilaiti amenewa sanapangidwire moto wa m'nyumba kapena m'mashaki. Moto uja wa m'nyumba ya ku Marshalltown kuno ku Joni pa 31 Ogasiti 2023, umene unapha anthu opitirira 70, ena mwa iwo aMalawi anzathu, sukanapulumutsidwa ndi diso la kumwamba. Uthenga wa setilaiti yoyendera umafika pa intaneti patatha maola ngati atatu. Pa moto wa sitovu ya parafini kapena kandulo, chothandiza ndi anansi, khomo lotseguka ndi foni yoitanira ozimitsa moto.

Lupsa limatsala

Moto ukazima umasiya chipsera, chimene kwathu timati lupsa, ndipo chimenechi sichithawa ngati malawi. Pali masetilaiti ena a maso akuthwa, Landsat a ku America amene anayamba mu 1972 ndipo kabokosi kawo pano ndi mamita 30, komanso Sentinel-2 a ku Ulaya amene amafika mamita 10 mpaka 20 ndipo amabwerera pa malo amodzi pa masiku asanu alionse. Awa ntchito yawo pa moto si kuthamangitsa malawi, ndi kudzayeza pambuyo kuti papsa pakulu bwanji, pofanizira chithunzi cha kale ndi chatsopano. Masamba amoyo ndi phulusa zimabweza kuwala mosiyana kotheratu, ndiye malire a lupsa amaoneka ngati ojambula ndi cholembera. Akatswiri atayamba kugwiritsa ntchito Sentinel-2 anapeza kuti mu Africa mumapsa malo ambiri kuposa mmene MODIS ankanenera, chifukwa moto wathu wambiri ndi waung'onoung'ono, wa munda uwu, dambo ilo, kaphiri ako.

Tsopano utsi

Amene munakhalako ku Nkhata Bay kapena ku Nkhotakota mukuidziwa nkhungu ya panyanja, tizilombo tija timatuluka m'madzi n'kukwera ngati chipilala cha utsi, mlendo amaganiza kuti bwato likupsa. Kusiyanitsa utsi ndi zinthu zofanana nawo ndi ntchito olo kwa makina. Pa chithunzi wamba cha setilaiti mtambo umaoneka woyera mbee, wa m'mbali mooneka. Utsi ndi wotuwa, nthawi zina wa kabuluu kapena wodera, uli ndi pochokera ngati mchira, umatsata mphepo ndipo pansi pamaonekera pang'ono. Fumbi limakhala lofiirira.

Koma kuona ndi maso sikokwanira, amafuna nambala. Nambala yoyamba imayeza kuti tinthu touluka mu mpweya tatchinga dzuwa motani, ndipo chidule chake ndi AOD. Ikakhala pansi pa 0.1 kumwamba kuli ngwee ngati pambuyo pa mvula. Ikafika 1 kapena kuposa ndi tsiku lija mayi anga amanena, phiri losaoneka, dzuwa lotheka kuliyang'ana ndi maso. Chida china, TROPOMI, chili pa setilaiti ya Sentinel-5P imene inaponyedwa mu Okutobala 2017, chimayeza mipweya yosaoneka ngati carbon monoxide, mpweya womwe uja umapha anthu akagona ndi mbaula m'chipinda chotseka. Mpweya umenewu umakhalitsa m'mwamba masabata angapo, ndiye umaonetsa njira yonse imene utsi wadutsa olo utsiwo utasungunuka kale m'maso.

Pali kusamala kumodzi apa. Setilaiti imayang'ana kuchokera pamwamba, ndiye imaphatikiza utsi wonse kuyambira pa denga la nyumba yanu mpaka kumwamba kwenikweni. Utsi utha kukhala wambiri makilomita anayi m'mwamba uku pansi anthu akupuma bwino, kapenanso wochepa koma wonse uli pa mphuno. Kuti adziwe msinkhu wake amagwiritsa ntchito chida chowombera kuwala kwa laser pansi n'kuwerenga nthawi imene kwatenga kuti kubwerere, ngati mleme ndi kulira kwake. Setilaiti ya CALIPSO inagwira ntchito imeneyi kuyambira 2006 mpaka 2023, ndipo EarthCARE ya ku Ulaya ndi Japan inapita mu Meyi 2024. Zonsezi amazilowetsa m'makompyuta olosera mphepo, ngati a Copernicus ku Ulaya, amene amanena kuti utsi wa lero ukhala kuti mawa ndi mkuja.

Mtsinje wopanda madzi

Utsi sufuna pasipoti, sudikira pa Beitbridge. Mu Ogasiti ndi Seputembala chaka cha 2000 akatswiri ochokera m'maiko ambiri anasonkhana ku Pietersburg, kumene pano timati Polokwane, pa kafukufuku wotchedwa SAFARI 2000. Anali ndi ndege zoyeza mpweya, kuphatikizapo ya NASA youluka m'mwamba kwambiri yotchedwa ER-2, ndipo Terra anali atangoyamba kumene ntchito. Chimodzi mwa zimene anaona anachitcha mtsinje wa utsi: utsi wa ku Angola, Congo, Zambia ndi maiko oyandikana nawo umasonkhana, mphepo n'kuukoka ngati lamba wa makilomita mazanamazana mulifupi, kudutsa kuno kummwera n'kukatulukira ku nyanja ya Indian kupita cha ku Australia. Njira ina ndi ya kumadzulo, kudutsa gombe la Angola kulowa nyanja ya Atlantic, kumene utsi umayandama pamwamba pa mitambo n'kukafika ku chilumba cha Ascension, wina mpaka ku South America.

Ndiye chifunga chotuwa chimene timachiona pa Joni mu Seputembala, mbali ina yake itha kukhala udzu umene unapsa masiku angapo apitawo kumpoto kuja, kufupi ndi kwathu. Ine zimenezi zimandikhudza ndikamayang'ana kumwamba madzulo pa siteji ya takisi.

Moto waukulu kwambiri umachita zina zoposa apa. Kutentha kwake kumakankha mpweya m'mwamba mwamphamvu mpaka kupanga mtambo wakewake wa mabingu ndi ziphaliwali, umene umaponya utsi pamwamba pa pomwe mvula imapangika, kumene kulibe choutsuka. Ku Australia kumapeto kwa Disembala 2019 ndi kuchiyambi kwa Januwale 2020 zinatero, utsi unadetsa chipale cha m'mapiri a ku New Zealand, unafika ku Chile ndi Argentina, unazungulira dziko lonse, ndipo wina unakwera kupitirira makilomita 30. Mu 2023 ku Canada kunapsa mahekitala pafupifupi 15 miliyoni, malo oposa Malawi yense kuphatikiza nyanja, ndipo pa 7 Juni chaka chimenecho mzinda wa New York unasanduka wa olenji masanasana. Kumeneko madontho a pa mapu ankatanthauzadi nkhalango yonse ikuyaka mpaka kunsonga kwa mitengo. Dontho lake ndi lofiira chimodzimodzi ndi la mapesi a ku Ntcheu, n'chifukwa chake amayezanso mphamvu ya moto uliwonse m'ma megawatt, monga amayezera magetsi, kuti asiyanitse kamoto ndi chimoto.

Kuno ku Joni zikutikhudza pati?

Dziko lino lili ndi mbiri yake pa nkhaniyi. Cha mu 2004 bungwe la kafukufuku la CSIR ku Pretoria mogwirizana ndi Eskom linayambitsa AFIS, njira yotumizira chenjezo la moto kuchokera ku masetilaiti. Chifukwa chake chinali cha magetsi: moto wa tchire ukadutsa pansi pa mawaya akuluakulu aja, malawi ndi utsi wotentha zimapatsa magetsi njira yodumphira, laini n'kuzima. Ndiye setilaiti ikaona dontho pafupi ndi laini, uthenga unkapita pa foni ya woyang'anira dera limenelo. Zithunzi zina zimalandiridwa konkuno ku Hartebeesthoek, kumadzulo kwa Gauteng, kumene kuli madishi akuluakulu a SANSA, bungwe la dziko lino la za mlengalenga. Alimi, a nkhalango ndi magulu a Working on Fire, aja ovala zachikasu, amadalira machenjezo oterewa limodzi ndi a zanyengo. Moto wa ku Knysna mu Juni 2017, umene unapha anthu 7 n'kuwononga nyumba mazanamazana, ndi wa pa Table Mountain mu Epulo 2021 umene unatentha Jagger Library ya University of Cape Town, utsi wake unkaoneka bwinobwino pa zithunzi za kumwamba.

Koma kwa ife okhala ku Diepsloot, Tembisa, Rosettenville, Mayfair, nkhani yaikulu ndi ya chifuwa. Joni ili pamwamba, mamita pafupifupi 1,750, ndipo nthawi yozizira mvula kulibe, udzu umauma gwa. Usiku mpweya wozizira umagona pansi, wofundirapo n'kukhala pamwamba pake ngati chivindikiro pa poto, ndiye chilichonse chimene chayatsidwa chimatsekeredwa pomwe tikupumapa mpaka dzuwa litakwera. Mukadzuka 5 koloko kuthamangira takisi mumauona, ulusi wotuwa uli tambalale m'zigwa, fungo la udzu wopsa m'mbali mwa N14 kapena N12, losakanikirana ndi la malasha, matayala, zinyalala, utsi wa magalimoto ndi fumbi la milu ya migodi. Kummawa kwathu ku Mpumalanga kuli mafakitale a magetsi a malasha, ndipo TROPOMI uja amaonetsa dera limenelo ngati limodzi mwa malo a mpweya woipa wa nitrogen dioxide wambiri pa dziko.

Choopsa mu utsi ndi tinthu ting'onoting'ono totchedwa PM2.5, tochepa moti mutatenga tsitsi limodzi n'kugawa kunenepa kwake ka 30 ndi pamene mwafika pa kamodzi. Timadutsa mphuno, kufika pansi penipeni pa mapapo, tina kulowa m'magazi. Ana, okalamba, amayi oyembekezera, a mphumu, a TB ndi a vuto la mtima ndi amene amayamba kumva. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO mu 2021 linanena kuti pa tsiku tinthu timeneti tisamapitirire ma microgram 15 (microgram ndi galamu imodzi mutaigawa ka miliyoni) mu mpweya wodzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse. Izi setilaiti imangoyerekeza, zenizeni zimayezedwa ndi makina a pansi, ndipo a dziko lino mutha kuwaona pa webusaiti ya boma ya za mpweya yotchedwa SAAQIS, imene ili ndi app ya pa foni. Kwathu makina apansi oterewa ndi ochepa, ndiye diso la kumwamba ndi limene limadzaza mpatawo.

Kutentha tchire, ndi kolakwa kapena ayi?

Mapu sayankha funso limeneli ndipo anthu amasiyana. Mlimi amati ndikusosa, moto umapha tizilombo ndi njere za udzu, mvula ili pafupi ndilibe aganyu. Woweta amafuna msipu wanthete womera pa lupsa. Anyamata akufuna mbewa. Alangizi a zaulimi amati mapesi ndi chakudya cha nthaka, kuwatentha ndi kuisiya pamtunda kuti mvula iikokolole. A zankhalango amaloza ku Chikangawa kumene mapaini akhala akupsa zaka zambiri, ndi ku phiri la Mulanje kumene moto ndi mmodzi mwa adani a mkungudza. Komanso a nkhalango ndi a malo a nyama omwewo amayatsa moto dala, ku Nyika amatentha msanga udzu usanaumitse kuti moto wa mu Okutobala usapeze chakudya, ndipo ku Kruger akhala akuyesa katenthedwe kosiyanasiyana pa minda yoyeserera kuyambira 1954. Tchire la udzu ndi mitengo ya miombo linazolowera moto, udzu ukamera umayamwanso mpweya wa kaboni wambiri umene unatuluka. Nkhalango yogwetsedwa n'kutenthedwa kuti isamerenso ndi nkhani ina. Chimene setilaiti yabweretsa pa mkanganowu ndi kaundula wa zaka zoposa 20, woonetsa kuti pati pamapsa, mwezi wanji, kangati.

Kudzionera nokha

Mapu aja dzina lake ndi FIRMS, ndi aulere, mungolemba NASA FIRMS pa Google, bola pa wifi chifukwa amadya bandulo. Sankhani maola 24, kuzani mpaka muone mtsinje ndi msewu wa kwanu, dinani pa dontho. Likuuzani setilaiti imene inaona, tsiku, mphamvu ya moto ndi nthawi. Nthawiyo imalembedwa mu UTC, wotchi imene dziko lonse limayezerapo nthawi, ndiye onjezani maola awiri, mupeza nthawi ya kuno yomwenso ndi ya ku Malawi. Zithunzi zoonetsa utsi weniweniwo zili pa NASA Worldview.

Ndinachita zimenezi usiku womwe uja. Kufiira kuja kutang'ambika, pafupi ndi mudzi wathu panatsala madontho awiri okha, kumunsi cha ku dambo, nthawi yake itangokwana 1 koloko masana. Mmawa ndinaimbanso.

"Amayi, dzulo masana ku dambo kunali moto?"

Anakhala chete pang'ono. "Wakuuza ndani? Eya, ndi ana aja a mbewa. Unazima wokha pa msewu. Koma phulusa lake linandigwera pa ufa umene ndinayanika pa mphasa, ndachita kusefanso wonse."

Kenako anakhosomola, anati wayamba sabata yatha, usiku ndi mbandakucha. Ndinawauza kuti azitseka mazenera utsi ukachuluka, asamasese pabwalo mmamawa chifunga chisanachoke, ndipo chikapanda kusintha apite ku chipatala, ya transipoti nditumiza Lachisanu.